Bwana Akasunga Yekha Makiyi Onse Atatu

Amayi a banki m'khonde ali ndi nzeru imene maofesi ambiri a mabungwe omwe si aboma alibe. Bokosi lawo la ndalama limakhala ndi maloko atatu. Makiyi amasunga anthu atatu osiyana, ndipo bokosilo limakagona kwa munthu wachinayi amene alibe kiyi ngakhale imodzi. Wapampando sangatsegule yekha, msungichuma sangatsegulenso yekha. Ndalama amawerengera poyera, mokweza, gulu lonse likuona, ndipo wochedwa kubweza ngongole amamutchula pompo, kaya akhale mkazi wa amfumu. Njirayi anaiyambitsa ndi a bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo lero kuno kwathu ndi midzi yochepa imene simungapezemo gulu lotere. Chimene chimandiseketsa, mwinanso kundikwiyitsa, n'chakuti amene amakaphunzitsa amayiwa za maloko atatu ndi mabungwe omwewa. Koma muwatsatire madzulo pobwerera ku ofesi kwawo ku Lilongwe kapena ku Blantyre, mukapeza makiyi onse ali m'thumba la munthu mmodzi.

Anthu akamakambirana chifukwa chimene mabungwe ena amachita bwino pomwe ena amangodya ndalama n'kutha, amathamangira kunena za kuchepa kwa thandizo. Ine ndimati tiyambe tayang'ana kaye khalidwe la amene ali pampando. Sindikunena za kudziwa kulankhula Chingerezi pamaso pa azungu, kapena kuchuluka kwa madigiri. Ndikunena chinthu chimodzi: kodi nkhani yoipa yochokera kumudzi imatha kufika m'khutu la mkulu wa bungwe, wonenayo osataya ntchito?

Zaka zingapo zapitazo ndinkalemba malipoti ku bungwe lina lomwe linkagawa mbuzi m'boma lina la m'chigawo chapakati. Dongosolo lake linali lodziwika lija: banja lilandire mbuzi, zikaswa lipatsire ana ake banja lina, zizipita choncho. Mbuzizo zinagulidwa kutali, kwa munthu amene bwana anasankha okha, ndipo zinafika mvula itayamba, makola am'mwamba asanamangidwe. Zinayamba kufa. Mnyamata wina amene ankayendera midziyo pa njinga yamoto ananena nkhaniyi pa msonkhano wa Lolemba, mwaulemu wonse, chipewa chili m'manja. Bwana anamufunsa pamaso pa tonse ngati analembedwa ntchito yogawa mbuzi kapena yowerenga mitembo. Tinaseka, kuseka kwa mantha kuja. Kuyambira tsiku limenelo palibe mbuzi inafanso pa msonkhano wa Lolemba. Zinkangofera kumudzi. Ndipo lipoti la chaka chimenecho, lokhala ndi chithunzi cha mayi akumwetulira atagwira chingwe cha mbuzi, ndinalemba ndine. Sindikudzichotsa pa mlanduwo.

Taonani mmene khalidwe la munthu mmodzi limatsikira pansi. Bwana akakalipira wobweretsa uthenga woipa kamodzi kokha, ogwira ntchito kumudzi amaphunzira kukhala chete. Woona za kalondolondo amayamba kusalaza manambala kuti agwirizane ndi zimene zinalonjezedwa. Wowerengera ndalama amasaina chimene wapatsidwa. Bodi imalandira mapepala oyera, n'kudya nkhomaliro, n'kulandira alawansi. Mapeto ake munthu amene amadziwa zoona zenizeni za bungwe amakhala dalaivala, chifukwa ndiye amafika kumudzi ndipo anthu samuopa. Palibe amene waba tambala pamenepa, komabe ntchito yafa.

Tsopano tiyeni ku Bangladesh, komwe kuli bungwe lomwe ambiri amaliwerengera m'gulu la mabungwe akuluakulu kwambiri padziko lonse, la BRAC. Analiyambitsa Fazle Hasan Abed mu 1972, nkhondo ya ufulu wa dzikolo itangotha. Abed anali wowerengera ndalama ku kampani ya Shell, ndipo anagulitsa nyumba yake ya ku London kuti ayambe kuthandiza anthu obwerera kuchokera kothawa nkhondo m'dera la Sulla. Sanali mlaliki wogwedeza bwalo. Chimene anali nacho ndi chizolowezi cha munthu wa mabuku a ndalama, chofuna kudziwa ngati zolembedwa zikugwirizana ndi zomwe zili m'bokosi. Pofika 1975 bungwe lake linali litakhazikitsa kale nthambi yofufuza ntchito zake zomwe.

Nkhani imene imandigwira mtima ndi ya matenda otsegula m'mimba, omwe nthawi imeneyo ankapha ana ambiri m'dzikolo. Ife timadziwa Thanzi wa m'mapaketi. Kumeneko mapaketi sakanakwanira midzi yonse, ndiye kuyambira 1980 mpaka 1990 a BRAC anatumiza magulu a amayi khomo ndi khomo kukaphunzitsa kapangidwe ka madzi omwewo kunyumba: mchere wotsina ndi zala zitatu, shuga wa nzimbe wodzaza m'dzanja, madzi theka la lita. Anafikira mabanja oposa 12 miliyoni. Koma chimene chikukhudza nkhani yathu ndi mmene ankalipirira aphunzitsiwo. Patapita masabata angapo, anthu ena osiyana ndi aphunzitsi aja ankapita kwa ena mwa amayi ophunzitsidwawo, n'kuwafunsa mafunso, n'kuwauza kuti apange madziwo iwo akuona. Madziwo ankakawayeza kuti aone ngati mchere wachuluka kapena wachepa. Malipiro a mphunzitsi ankatengera zimene mayi wakumbukira, osati kuchuluka kwa makomo amene wagogoda.

Ndipo kafukufuku woyambirira anabweretsa nkhani yowawa: amayi ankadziwa kapangidwe kake, koma ochepa kwambiri ndi amene ankawapatsadi ana akadwala. Kwathu kuno lipoti lotere bwenzi litabisidwa m'kabati, wolemba wake atasamutsidwira ku ofesi ya kutali. Kumeneko anakumba kuti adziwe chifukwa. Anapeza kuti ena mwa aphunzitsi eniake sankakhulupirira kuti madzi a mchere ndi shuga ndi mankhwala. Anapeza kuti abambo, omwe ndiwo ankalamula pakhomo, palibe amene anawafotokozera. Anapezanso kuti anthu akumudzi ankagawa kutsegula m'mimba m'mitundu ingapo, mtundu uliwonse ndi dzina lake, ndipo ankaganiza kuti madziwo ndi a mtundu umodzi wokha. Anakonza uthenga, anayamba kukumana ndi abambo m'misika ndi m'mizikiti, ntchito inasintha. Zonsezi zinatheka chifukwa wapampando anali atamanga njira yoti uthenga woipa uzimupeza, ndipo ukafika sankafunsa kuti wanena ndani. Safunsa anadya phula, Abed ankafunsa.

Chinanso: mu 2001 anatula udindo woyendetsa bungweli tsiku ndi tsiku n'kupatsa munthu wina, iye n'kutsala wapampando wa bodi. Mu 2019 anatulanso upampandowo, ndipo anamwalira mu December chaka chomwecho. BRAC sinagwedezeke. Ndi angati mwa oyambitsa mabungwe athu angachoke pampando ali moyo, osathamangitsidwa?

Ndikudziwa zimene ena anene. Adzati bungwe lopanda mtsogoleri wolimba ndi ng'ombe zopanda mbusa, ndipo nthawi zina palibe mpata wofunsa aliyense. Izi n'zoona. Namondwe wa Freddy atagumula mapiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu March 2023, anthu oposa theka la miliyoni atasowa pogona, panalibe nthawi yoitanitsa wekishopu ku Mangochi kuti tigwirizane kopita galimoto. Pamafunika munthu woti anene kuti ufa upite uku, matenti apite uko, ena n'kumvera. Koma ngakhale pamenepo, wolamulayo amadalira amene ali pamalopo kuti amuuze kuti mlatho wakokoloka, msewu wa kumeneko sukudutsika. Ngati anawazoloweza kumuopa, amuuza kuti zonse zili bwino, galimoto n'kukatitimira. Kulamula mwachangu ndi kukana kumva si chinthu chimodzi, ngakhale mabwana athu amakonda kuziphatikiza.

Kulimba kumene ndimakulemekeza ndi kwa mtsogoleri wotha kukana ndalama. Mary's Meals inayamba kuno ku Malawi mu 2002 ndi ana pafupifupi 200, ndipo lero imadyetsa ana oposa miliyoni m'dziko muno mokha. Ntchito yake ndi imodzi: phala kusukulu tsiku lililonse la maphunziro, ophika ake ndi makolo a ana omwewo amene amalawirira mbandakucha kukasonkha moto. Yerekezani ndi mabungwe athu aja amene chaka chino ndi a Edzi, chaka chamawa ndi a kusintha kwa nyengo, chaka chinacho ndi a zisankho, kutengera kumene mphepo ya ndalama ikuombera. Mapanga awiri avumbwitsa, nanga asanu?

Pali mtundu wina wa mtsogoleri umene ndi wovuta kuudzudzula, chifukwa ndi wokondedwa ndipo mtima wake ndi wabwino. Ku London kunali bungwe la Kids Company lomwe Camila Batmanghelidjh anayambitsa mu 1996 kuti lizisamalira ana ovutika. Mayiyu anali wodziwika dziko lonse la Britain, andale ankapikisana kujambulitsa naye, ndipo pa zaka zonsezo boma linapatsa bungweli mapaundi oposa 40 miliyoni. Mfundo yake inali yosabweza mwana aliyense wofika pakhomo. Mfundo yokoma, koma zotsatira zake zinali zakuti ndalama zinkatha momwe zalowera, nkhokwe ili mbee. Mu August 2015 bungweli linatseka, patangopita masiku ochepa boma litalipatsa mapaundi 3 miliyoni. Tinene chilungamo chonse: apolisi anafufuza mphekesera za nkhanza zomwe zinathawitsa opereka thandizo ndipo sanapeze umboni wa mlandu, komanso mu 2021 khoti lalikulu linakana pempho loti mayiyu ndi a bodi aletsedwe kuyendetsa makampani. Sanali wakuba. Komabe ana amene ankadya ndi kupeza uphungu kumeneko anadzuka tsiku lina n'kupeza chitseko chotseka. Bungwe limene mpweya wake wonse ndi dzina la munthu mmodzi, mphepo ikaomba munthuyo, denga lonse limapita.

Sitikusowa kupita kutali. Anthu a ku Chinkhota, kufupi ndi Lilongwe, akukumbukira sukulu ya atsikana imene bungwe la Raising Malawi, la woimba Madonna, linalonjeza. Mwambo woyamba ntchito unachitika mu 2009, anthu anasiya minda yawo kuti papezeke malo, ndipo sukuluyo inkayembekezeka kudya madola 15 miliyoni. Mu March 2011 nyuzipepala ya New York Times inalemba kuti madola 3.8 miliyoni anali atapita kale, sukulu palibe, ndipo mwa zina ndalamazo zinathera ku malipiro, magalimoto, maofesi ndi ojambula mapulani. Bodi inachotsedwa. Apa vuto silinali bwana wokalipa. Linali la mwini wake amene ali kutali, woyang'ana ndi maso a anthu ena, popanda womuuza msanga kuti pansi pano palibe njerwa imene yaikidwa. Bungwe lomweli litasintha kayendetsedwe kake n'kuyamba kugwira ntchito ndi anthu odziwa za kumalo, linamanga chipatala cha ana cha Mercy James pa Queen Elizabeth ku Blantyre, chomwe chinatsegulidwa mu 2017 ndipo chikugwira ntchito. Mwini yemweyo, dziko lomwelo, ndalama zochokera kofanana. Chinasintha ndi njira imene zoona zimafikira kwa wosankha zochita.

Nanga bodi imakhala ili kuti? Pa pepala, bodi ndiyo imalemba ntchito mkulu wa bungwe ndipo ndiyo ingamuchotse. M'mabungwe ambiri a kwathu zimayenda chambuyo: woyambitsa ndiye amasankha a bodi. Amatenga abusa a mpingo wake, mnzake wa ku sekondale, mlamu wake amene anapuma ntchito m'boma, ndi mayi mmodzi kuti opereka thandizo asadandaule. Anthu amenewa akakumana, ndani angafunse kuti galimoto ya bungwe imakatani kumunda kwa bwana Loweruka lililonse? Wakupatsa mpando sumamufunsa risiti. Lamulo la mabungwe omwe si aboma linasinthidwa mu 2022 n'kukhazikitsa NGORA, bungwe la boma loyang'anira mabungwewa, m'malo mwa bodi ya boma imene inkagwira ntchitoyi kale, ndipo limafuna kuti bungwe lililonse lizipereka lipoti la ntchito ndi mabuku a ndalama owunikidwa chaka ndi chaka. Akuluakulu a NGORA akhala akudandaula kuti ambiri sapereka. Ndikugwirizana nawo kuti apereke. Koma odita amawerenga marisiti, sawerenga mbuzi. Marisiti a mbuzi zathu zija anali olongosoka bwino lomwe.

Opereka thandizo nawonso asasambe m'manja. Iwo ndi amene amaweta khalidweli. Amapereka ndalama za zaka ziwiri kapena zitatu, amafuna lipoti lonena kuti zonse zatheka, ndipo bungwe lolemba kuti tinayesa koma sizinayende limaopa kuti chaka chamawa silipatsidwanso. Amakondanso kuchita zinthu ndi nkhope imodzi imene anaizolowera, yodziwa kulankhula pa misonkhano ya m'mahotela. Motero mkulu wa bungwe amaphunzira kuti bwana wake weniweni ali ku Brussels kapena ku Washington, osati pansi pa mtengo pomwe komiti ya chitukuko ya m'mudzi imakumana. Amayang'ana kumwamba nthawi zonse, ndipo woyang'ana kumwamba saona chimene waponda. Koma izi sizichotsa udindo wa mtsogoleri. Pansi pa opereka thandizo omwewo, ndi malamulo omwewo, mabungwe ena amanena zoona ndipo amakhalapobe.

Chodzikhululukira chimene chimanditopetsa kwambiri ndi chakuti ndi chikhalidwe chathu, kuti ife timalemekeza akulu, mwana sangatsutse bambo. Amene amanena zimenezi sanakhalepo pabwalo la milandu kumudzi. Mfumu yeniyeni siyamba kulankhula. Imakhala chete, odandaula alankhule, oyankha alankhule, nduna zifunse mafunso, ndiye iyo n'kumanga mfundo pomaliza. Mwa Achewa, amayi akuluakulu a mbumba ndiwo amaloza woyenera kulowa ufumu, ndipo pomulonga amamulangiza poyera, kumuuza zoti asiye. Mutu ukakula sulewa nkhonya, amatero akulu, kutanthauza kuti wamkulu ayenera kulandira zowawa za anthu ake. Ubwana wa pa ofesi uja, woti munthu ayambe wagogoda katatu, aimirire mpaka auzidwe kukhala, alankhule zokhazo zokomera wapampando, tinautola kwina. Ndi wa ku maesiteti a fodya ndi tiyi, wa kapitawo ndi mzungu wake, ndipo zaka pafupifupi 30 za chipani chimodzi zinaukhomerera. Tisaunamizire makolo.

Umboni woti Amalawi amatha kuyendetsa bungwe losakhala la munthu mmodzi ulipo. Public Affairs Committee (PAC), bungwe la azipembedzo lolankhulapo pa kayendetsedwe ka dziko, inayamba mu 1992, chaka chimene maepiskopi a Katolika analemba kalata ija imene inagwedeza boma la Kamuzu Banda. Muli Akatolika, mipingo ina ya Chikhristu ndi Asilamu. Apampando akhala akusinthana, ena olankhula mwaukali, ena ofatsa, ndipo mungatsutsane nawo pa zambiri. Koma palibe amene anganene kuti PAC ndi ya uje. Zaka zoposa 30 zapita, maboma asintha, ilipobe. Werengani mabungwe amene anabadwa m'zaka zoyambirira za zipani zambiri, muone angati anatsala ndi chikwangwani chokha mwini wake atapatsidwa mpando m'boma kapena atapeza ntchito kunja.

Chaka cha 2025 chinayesa aliyense. Pa 20 January boma la America linaimitsa thandizo lake la kunja, makalata oletsa ntchito anafika m'maofesi patangopita masiku, ndipo pofika July bungwe la USAID linali litatsekedwa. Kuno, komwe ntchito zambiri za HIV ndi zaumoyo zinkadalira ndalama zimenezo, anthu ambiri anauzidwa kuti akhale kaye kunyumba. Izi zinabwera kwacha itagwa kale ndi 44 peresenti mu November 2023. Palibe mtsogoleri amene akanaletsa zimenezi. Koma kusiyana kumaoneka pa zimene munthu amachita m'mawa wotsatira. Wina amaitana antchito onse, n'kuwaonetsa mabuku, n'kunena kuti ndalama zotsala ndi izi, zitifikitsa mwezi wakuti, tiyeni tione limodzi chimene sitingasiye. Mlangizi wa kumudzi ndiye amadziwa kuti gulu liti lingapitirire lokha ndi liti lingagwe sabata yomweyo, ndipo ngati anazolowera kumvedwa, anena. Wina amadzitsekera mu ofesi, antchito n'kumamva mphekesera kwa mlonda, woyamba kuchotsedwa n'kukhala wa njinga yamoto pomwe Land Cruiser ya bwana ikumwabe mafuta.

Ndikanakhala ndi mpando ku NGORA kapena ku CONGOMA, bungwe loimira mabungwe omwe si aboma, ndikanawonjezera mafunso atatu pa fomu ya chaka ndi chaka. Mkulu wa bungwe wakhala pampando zaka zingati? Ndi angati a bodi amene ndi achibale ake kapena anasankhidwa ndi iye? Ndipo lachitatu, lomwe ndikudziwa kuti ambiri angalisiye losayankha: tchulani ntchito imodzi imene sinayende chaka chino, amene anayamba kukuuzani, ndi kumene munthuyo ali lero.

Ku bungwe lathu lija yankho la funso lachitatu ndikulidziwa. Kontirakiti ya mnyamata wa njinga yamoto itatha, sanamuwonjezere ina. Chaka chotsatira tinapempha ndalama za gawo lachiwiri la pulojekiti ya mbuzi, tinapatsidwa, ndipo wogulitsa mbuzi anali yemwe uja.